Makhushoni Awiri a Njinga ya Lameck

Njinga ya Lameck inabwerera kunyumba mwini wake atagona milungu itatu m'manda, ndipo inabwera ikung'anima ngati ikupita ku ukwati. Anaibweretsa ndi anzake a kabaza a pa siteji ya pa Kande, amuna asanu ndi atatu atavala mavesiti awo achikasu, akuikankha osaikwera. Patsogolo panali tcheyamani wawo, Frackson, chipewa chili m'manja. Mkazi wa malemuyo, Loveness, amene anthu amamuitana kuti NyaManda, anali kuseri akuyanika chinangwa pa thandala. Anasamba m'manja n'kubwera kudzaima pakhomo. Mphasa sanayale.

Frackson analankhula ngati ali pa maliro kachiwiri. Anati kalabu yawo ili ndi lamulo lake lakalekale, loti mnzawo akafera pamsewu njinga yake saibweza kwa wamasiye ili chiphwanyikire, chifukwa kumeneko n'kumuliritsa kawiri. Amaitenga, kuikonza, kuipenta, n'kuipereka ili yoti ana akhoza kudyerapo. Kenako anayamba kuloza rimu yakumbuyo yatsopano, masipoko atsopano, madigadi atsopano, ndi khushoni yofiira pa keliyala, yoti ngakhale mkazi wa bwana akhoza kukhalapo osadandaula.

Loveness anaizungulira njingayo kamodzi. Sanati yewu, sanathokoze.

"Nanga zakalezo zili kuti, ada tcheya?"

"Zinali zitatheratu, ama. Tinataya."

"Munataya kuti?"

Frackson anapinda chipewa chake n'kuchipindulanso. Wina kumbuyo anatsokomola. Wina anayamba kuyang'ana nkhuku ngati sanaonepo nkhuku chibadwire. Anatsanzika mothamanga, ndipo Loveness anawaperekeza ndi maso mpaka pamsewu, akuyenda osalankhulana, amuna amene pa siteji satseka pakamwa ngakhale akudya. Mumtima anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nkhani ya imfa ya Lameck inali yaifupi, ndipo aliyense amaifotokoza ngati analipo. Loweruka masana, pa chitunda cha pakati pa Chintheche ndi Kande, lole yonyamula matabwa inamugunda. Dalaivala anauza apolisi kuti njingayo imayenda ngati njoka, ndipo inangokhotera yokha kutsogolo kwa lole. Anthu sakanazitenga, poti madalaivala onse amanena choncho. Koma pamalopo panafikanso a Mizeck, mkulu wa mpingo wa kutchalitchi kwawo, amene anatsika mu minibasi ataona ngozi. Iwowa anawerama kuti apemphere, n'kuweramuka atagwira mphuno. Malaya a Lameck, tsitsi, mpaka nsapato, zonse zinali mowa wokhawokha.

Motero munthu amene anaimba besi mu kwaya zaka zisanu ndi ziwiri anaikidwa popanda nyimbo. Amayi a umanyano, gulu la amayi a mpingo, anabwera, koma osavala yunifomu, ngati akupita kuchigayo. Pamanda panali pemphero limodzi lothamanga. Ndipo a Mizeck ananena poyera kuti sesheni ya akulu a mpingo idzakhala Loweruka lomaliza la mwezi, kuti ilembe m'buku la mpingo kuti m'bale ameneyu anafa atagwa mu tchimo. Zikangolembedwa zimenezo, basi. Pomanga chiliza mbusa sadzapondapo. Tiwonge, mwana wawo wamkazi wa sitandade 7, amene anzake kusukulu anali atayamba kale kudzandira dala akamadutsa pamaso pake, adzakula ali mwana wa chidakwa chofera m'ngalande.

Loveness ankamudziwa Lameck woledzera kuposa sesheni yonse. Dzino lake lakutsogolo, limene Lameck anamuthyola, linali mboni. Koma ankamudziwanso Lameck amene anasiya. Chidakwa chikasiya mowa, mkazi wake ndiye amasanduka galu wosaka. Amanunkhiza malaya pochapa, amamvetsera mapazi pakhomo, amayang'ana m'maso polandira moni. Zaka zisanu ndi ziwiri ananunkhiza osapeza kanthu. Ndiye lero amuuze kuti munthu anadzuka bwinobwino, kumwa tiyi ndi mbatata, n'kukaledzera dzuwa lili paliwombo, ali pa ntchito?

Komanso msewu umenewu ndani amaudziwa kuposa akazi a akabaza? Pa phula limeneli munthu wa njinga ndi nkhuku. Hutala ikalira kumbuyo, dumphira mumchenga, kaya wanyamula mayi wapakati, kaya thumba la simenti. Ukachedwa, abale ako akakupeza ku mochale. Ndipo galimoto ikagunda njinga palibe amafunsa kuti imathamanga bwanji. Funso limakhala limodzi, loti wanjingayo anamwa chiyani. A kalabu anaitanidwapo ku msonkhano ku Chintheche, kumene anawauza kuti nayonso njinga ili ndi mbali yake kumanzere. Anawapatsa mavesiti, n'kuwajambula chithunzi. Lameck anabwerako akunyada, akuti tsopano nafenso ndife anthu. Madalaivala ku msonkhanoko kunalibe.

Amuna aja atapita, Loveness analowetsa njinga m'nyumba kuti ana asaiseweretse, n'kukankha chitseko ndi phazi. Kuseri kwa chitsekocho kunali msomali umene Lameck amapachikapo zinthu zake. Chiyambire maliro palibe anakhudzapo, poti abale anali asanabwere kudzagawa zovala. Pamwamba panali jekete ya mvula. Jeketeyo inatsetsereka n'kugwa, ndipo pansi pake panatulukira khushoni yakale, yakuda, yosokedwa ndi ulusi wa thumba pakona imodzi. Anaisoka ndi Loveness yemweyo.

Anaima akuyang'ana makhushoni awiriwo, yofiira pa njinga, yakuda pa msomali.

Lameck amachotsa khushoni pa chifukwa chimodzi chokha, akakhala kuti tsikulo akunyamula katundu, kuopa kuing'amba. Loweruka nthawi zambiri amatero, akuti ndi katundu wa magolosale. Akatero amatenganso zingwe zake za mphira, zodula ku machubu akale, zimene zimakhala pa msomali womwewo. Zingwezo panalibe. Koma pa maliro Frackson anaimirira pamaso pa anthu onse n'kunena kuti mnzawo amabwerera wopanda kanthu, atakatula mayi wodwala ku chipatala ku Chintheche. Tsikulo mutu wa Loveness sunali kugwira, anangomva. Lero ndiye anadzifunsa kuti ndi wakabaza uti angakhazike mayi wodwala pa chitsulo chopanda khushoni mtunda wonsewo.

Bodza limodzi likaoneka, zonse zimayamba kununkha. Loveness anakumbuka kuti Frackson ali ndi foni yatsopano. Anakumbuka kuti dalaivala uja anaoneka akuyendetsanso lole sabata isanathe. Anakumbuka kuti mwini lole, amene anangomva kuti ndi wa ku Mzuzu, sanatumize ngakhale paketi ya shuga kusiwa, ndipo munthu wotere ngati sanapereke kusiwa ndiye kuti anapereka kwina. Njinga yokonzedwa mothamanga, zitsulo zakale zotayidwa kosadziwika. Anaona kuti anzake a mwamuna wake amugulitsa, ndipo khushoni yofiirayo ndi yomutsekera iye pakamwa.

M'mawa mwake anapita pa siteji. Anawafunsa mmodzimmodzi, ena powakokera kuseri kwa golosale, ena powaimitsa akupopa tayala. Onse anayankha mawu amodzimodzi ngati ana a kalasi ya ubatizo. Amabwerera wopanda kanthu, ife tinafika zitachitika kale. Anthu asanu ndi atatu akafika pa ngozi imodzi amabwerako ndi nkhani zisanu ndi zitatu. Awa anali ndi imodzi.

Tsiku lachitatu anamanga chitenje chake chakuda molimba n'kukwera njinga ya Lameck yekha. Anali asanapalasepo chikwatiwire, ndipo amayi a pa mjigo anasiya kupopa madzi kuti aone wamasiye wa milungu itatu ali pa njinga. Anati aone, maso ndi awo. Asanafike pa mlatho, basi yaikulu inaliza hutala kumbuyo kwake, ndipo thupi linangozichita lokha. Anapezeka ali mumchenga, bondo litasupuka, kondakitala akumukuwiza pa windo. Anadzuka, kutukwana, n'kukweranso.

Malowo sanavute kupeza. Nthambi zimene anthu anayala pamsewu tsiku la ngozi zinali m'mbali, zitauma. Phula pamenepo ndi lodyeka m'mphepete, ndipo kuchokera pa phula kufika pa mchenga m'pozama kufika m'katumba. Loveness anayang'ana pansi, osapeza kanthu. Panali poyera ngati pabwalo la tchalitchi. Pamalo pangozi sipayera choncho. Pamatsala nati, kachidutswa ka sipoko, galasi la nyali. Apa wina anasesa.

Wosesa mothamanga sataya kutali. Kumunsi kwa msewu kunali munda wa chinangwa, ndipo pa mzere wachitatu nkhuku zinali zitapalasa dothi. China chake chabulauni chinang'anima. Loveness anakumba ndi manja. Anatulutsa magalasi a mabotolo a mowa, ambirimbiri, ndi chidutswa cha kireti. Anati ndiye ndi zoona. Anakhala pansi pa mzere pomwepo. Kenako anatola khosi limodzi la botolo kuti aligende kutali, ndipo chala chinagunda chitsekerero. Chinali chikadali chomata. Anatola lina, chimodzimodzi. Lina, linanso. Makosi khumi ndi limodzi anawapeza, onse osatsegula.

Anawamanga pa nsonga ya chitenje. Sanamvetse zonse, koma chimodzi anachigwira. Mowa wotseka sulowa m'mimba mwa munthu.

Pobwerera anakhotera kwa Jobe, mkulu wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika, amene ankasewera bawo ndi Lameck. Ataona Loveness akutsika pa njinga anayesa kuseka, akuti NyaManda mwalowa liti kalabu, nanga vesiti yanu ili kuti. Loveness anamasula chitenje n'kukhuthulira makosi aja m'beseni la madzi limene Jobe amafufuziramo pobooka chubu. Kuseka kunathera pomwepo.

Jobe anati iye ndi wa sipanala chabe, nkhani za pakamwa akafunse a tcheya. Loveness anati chabwino, tilankhule za sipanala zomwezo. Anamufunsa zimene anasintha pa njingayo. Jobe anatchula zakumbuyo zokhazokha. Nanga kutsogolo? Kutsogolo, anatero Jobe akuyang'ana pansi, sanakhudzeko ngakhale sipoko imodzi. Foloko inali yowongoka, belu likulira.

"Munthu wokhotera kutsogolo kwa lole amaphwanyika kumbuyo kokha, ada Jobe?"

Jobe anapukuta m'manja nthawi yaitali pa sanza yakuda kuposa manjawo. Kenako analowa m'kachisakasa kake n'kutuluka ndi rimu. Inali yopindika, mbali yakumbuyo italowa m'kati mpaka kukagunda habu, ndipo pa chitsulocho panali penti yabuluu yosakhala ya njinga. Anati anamuuza kuti akaitaye mu mtsinje. Koma chitsulo cha njinga imene paferapo munthu sachimanga pa njinga ina, sachigulitsa kwa ogula zitsulo, ndipo iye kutaya anachita nako mantha, choncho anangoisomeka kudenga. Anati zaka makumi atatu wakhala akuwongola marimu, ndipo iyi ndi ya munthu amene amayenda mowongoka kumbali kwake, n'kugundidwa kumsana.

"Anakuuzani ndani kuti mutaye?"

Jobe anangoponya maso ku siteji.

Inali nthawi ya nkhomaliro, akabaza onse ali pa mthunzi, njinga zitandandalikidwa m'mbali mwa msewu. Loveness anafika atakoleka rimu paphewa. Anaiponya pamapazi a Frackson, amene anali akudya chinangwa chootcha, n'kukhuthulira makosi aja pamwamba pake. Amayi ogulitsa nthochi anasendera pafupi ndi malichero awo.

"Anakupatsani zingati a lole, ada tcheya? Nenani pano, nanenso ndidziwe mtengo wa mwamuna wanga."

Frackson anaimirira, chinangwa chili m'kamwa. Anati foni ija anamutumizira ndi mlamu wake wa ku Joni, ndipo aliyense akudziwa. Anati mwini lole sanamuonepo ndi maso awa. Loveness anati ndiye bodza la mayi wodwala lija munanama ulere? Apa wina wa kumapeto kwa benchi anati a tcheya ingonenani, ine ndatopa nazo. Frackson anafuna kumutengera Loveness kuseri kwa golosale, koma Loveness anakana. Anati zinanenedwa pagulu, ziwongoledwe pagulu. Choncho Frackson ananena pomwepo, motsitsa mawu.

Zaka ziwiri, Loweruka lililonse, Lameck amakatenga makireti a mowa ku Chintheche, a mayi wina wa botolositolo ya ku njira ya ku maloji. Katundu ameneyu amalipira bwino kuposa anthu, ndipo malata a nyumba yawo anachokera kumeneko. Koma a Mizeck anali atalalikirapo kuti wonyamula mowa ndi womwa amadya mbale imodzi, ndipo Lameck, munthu wogwapo kale, amadziwa kuti zikamveka amuchotsa mu kwaya. Amavundikira makireti ndi masaka, ndipo anawalumbiritsa anzake onse kuti asauze munthu, makamaka mkazi wake. Tsiku la ngozi Frackson ndi anzake awiri anali kumbuyo pang'ono. Anamva lole ikuliza hutala, Lameck ali ndi makireti atatu, pamalo paja phula ladyeka, pamene munthu wolemedwa sangatsike osagubuduka. Sanatsike. Lole nayo sinachepetse liwiro.

Anamupeza ali m'thamanda la mowa, akupuma. Dalaivala anali atapitirira, kuopa kumenyedwa. Chapatali minibasi inali itaima, ndipo anazindikira jekete ya a Mizeck. Pamenepo, anatero Frackson, Lameck anamugwira dzanja n'kunena kuti bisani mabotolo. Ndiye anabisa. Wina anakokera makireti m'munda, wina anafotsera magalasi, wina anathyola nthambi n'kusesa. Pofika a Mizeck, botolo panalibe ndi limodzi lomwe. Panatsala fungo lokha, pa munthu mmodzi.

"Timati tikumuteteza, ama. Za fungo sitinaganize."

Nanga bwanji sananene pa maliro, ataona kwaya yakhala chete? Frackson anati anali atauza kale apolisi kuti anafika mochedwa, ndipo wina anawaopseza kuti wosesa pamalo pangozi amamangidwa. Komanso analumbira kwa munthu akufa. Ankati nkhaniyo izizira yokha. Njinga anaikonza ndi mtima wonse, anatero, ndipo rimu anati itayidwe kuti NyaManda asaione n'kuyamba kufunsa.

Loveness anamuyang'ana m'maso nthawi yaitali. Zoti Lameck anati bisani mabotolo sanazikhulupirire, komanso sanazikane. Munthu wothyoka msana amakumbuka mabotolo? Lameck akhoza. Lameck amene amapukuta nsapato za kutchalitchi Lachisanu akhoza ndithu. Koma Frackson nayenso akhoza kuika mawu m'kamwa mwa wakufa, podziwa kuti sadzuka kudzatsutsa. Chimene chinamuwawa kuposa zonse ndi malata aja. Zaka ziwiri akugona pansi pake, akununkhiza malaya, osaganiza zonunkhiza denga.

"Loweruka sesheni ikhala naini koloko," anatero. "Mubwere nonse, ndi mavesiti anuwo. Mukanene zimene mwanena panozi."

Frackson anati nanga lumbiro, nanga apolisi. Loveness anati lumbiro limenelo lamuikitsa kale mwamuna wake ngati galu, ndipo iye ali ndi mwana woti akule. Anati akapanda kubwera apita yekha ndi rimu, akatchule mayina awo kutchalitchi, Lolemba akawatchulenso ku polisi.

Masiku otsalawo rimu anaisunga kunsi kwa bedi, ndipo popita ku mjigo amakhoma chitseko ndi loko, chinthu chimene sanachitepo masana. Lachinayi mkazi wa Frackson anabwera ndi mbale ya usipa, akuti wadzazonda. Loveness anaona maso ake akuyendayenda m'nyumba. Anamulandirira pakhonde, usipa analandira, mbale anabweza nthawi yomweyo kuti pasakhale chobwerera.

Loweruka m'mawa anachotsa khushoni yofiira n'kuiika m'thumba, makosi aja m'jumbo, rimu n'kuimanga pa keliyala. Pofika pamsewu panalibe munthu. Anadikira. Hafu pasiti eyiti inakwana, zii. Anati ndinadziwa, n'kuponda pedulo. Asanapalase patali anamva mabelu kumbuyo. Sanabwere asanu ndi atatu okha. Inabwera siteji yonse, ndi ena a ku Sanga amene anamva nkhaniyo, njinga zoposa makumi awiri, Jobe atakwezedwa pa ina. Frackson anali ndi kireti yosweka ija pa keliyala, osavundikira.

Anayenda awiriawiri pa phula, kumanzere, Loveness patsogolo. Pakati pa njira lole inafika kumbuyo n'kuliza hutala yaitali. Manja a Loveness anafuna kukhotera kumchenga okha. Analuma mlomo ndi dzino lothyoka lija. Palibe anatsika. Lole inalizanso, mabuleki analira, ndipo inayenda m'mbuyo mwawo pang'onopang'ono ngati ikuperekeza maliro, mpaka inapeza mpata wodutsa kumanja, monga imachitira ikapeza galimoto inzake.

Akulu a mpingo anali asanu ndi mmodzi, kuphatikiza mbusa, m'kachipinda ka kuseri kwa guwa, buku lili chitsegulire patebulo. A Mizeck anati sesheni si msika, ndipo wodandaula amayenera kudzera kwa mkulu wa dera lake. Loveness anati mkulu wa dera lake ndi iwo omwe, ndiye wadzera. Anakhuthula makosi aja patebulo, pafupi ndi buku.

"Ada Mizeck, munanunkhiza bwino, mphuno yanu ilibe mlandu. Koma tagwirani limodzi mwa awa, muone ngati Lameck analitsegulapo."

Mbusa, munthu wachinyamata amene anali asanathe chaka pamalopo, anatola khosi limodzi n'kuyesa chitsekerero ndi chala. Kenako Frackson analankhula ataimirira, chipewa chili m'manja. Jobe anaonetsa rimu ndi penti yabuluu. A Mizeck anamvetsera atapinda manja pachifuwa. Pomaliza anati ndiye zaipiraipira, chifukwa m'baleyu ananyenga mpingo zaka ziwiri, kuimba Lamulungu atanyamula mowa Loweruka.

"Lembani zimenezo," anatero Loveness. "Lembani kuti ananyamula, poti ananyamuladi, ndipo ine ndikugona pansi pa malata ake. Koma zoti anamwa musalembe, chifukwa sanamwe. Mulembenso kuti anagundidwa kumsana ali kumbali kwake."

Akulu aja anawatulutsa panja. Anakhala pa udzu maola awiri, akabaza akuona makasitomala akudutsa wapansi, koma palibe anadandaula mokweza. Mawu a a Mizeck amamveka kudutsa khoma. Kenako anamveka a mkulu wina wokalamba, amene aliyense amadziwa kuti mwana wake ali ndi botolositolo ku Mzuzu ndipo ndiye anagulira tchalitchi simenti ya pansi. Atatha iwowo m'kachipindamo munakhala bata.

Mbusa ndiye anatuluka. Anati m'buku alemba kuti Lameck Chirwa anafa ali mu mpingo, ndi chidzudzulo pa katundu amene amanyamula. Lamulungu adzalengeza pa guwa kuti za kuledzera sizinali zoona, ndipo kwaya idzapita kumanda kukaimba nyimbo zimene sizinaimbidwe. Loveness anapempha kuti aone pamene alembapo. Mbusa anadabwa, koma anabweretsa buku. Loveness anawerenga yekha, chala chikuyenda kunsi kwa mawu, mpaka kawiri. A Mizeck anadutsa osamuyang'ana.

Panja Frackson anatambasula dzanja. Loveness anapisa m'thumba n'kumuika m'dzanjamo khushoni yofiira. Anati yakuda ija ikadali yolimba. Anamuuzanso kuti Lolemba seveni koloko akhale pa siteji ndi awiri aja anaona lole, chifukwa rimu ili ndi ulendo wina wa ku polisi, ndipo penti yabuluu ili ndi mwini wake. Frackson anavomera.

Jobe anamufunsa motsitsa mawu ngati tsopano wakhulupirira kuti a tcheya sanadye kanthu. Loveness anati aona Lolemba. Jobe anati ndiye rimuyo ndikusungireni kwanga, kuti isamakupweteke mtima m'nyumba. Loveness anamuyang'ana nayenso, kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Anatola rimu, kuimanganso pa keliyala mfundo zitatu, n'kupita nayo kunyumba.